Malamulo Amene Madotolo Anadziikira Okha

M'caka ca 1948 nyuzipepala ya British Medical Journal inalengeza zotsatira za nchito imene inasintha kayesedwe ka mankhwala. Odwala cifuwa cacikulu 107 anagawidwa pawiri mwa maere: 55 analandira mankhwala atsopano a streptomycin, ndipo 52 anangopumula pakama monga mwa mwambo wa zipatala masiku amenewo. Itatha miyezi 6, pa gulu loyamba panafa anthu 4, pa laciwiri 14. Nchitoyo inayendetsedwa ndi Medical Research Council, koma nyuzipepala imene inaifikitsa kwa madotolo a maiko ambiri inali ya British Medical Association, bungwe la madotolo eni ace.

Alipo ena amene amayesa kuti mabungwe otere ndi a misonkhano ndi madyerero cabe. Iwowa aiwala kuti kuyesa mankhwala pa anthu kuli ndi vuto limene ndalama sizingathetse. Wodwala ayenera kulola kulowa m'maere, osadziwa ngati adzalandira cothandiza kapena ai, ndipo munthu salola zotere kwa dotolo amene samkhulupirira. Cikhulupiriro cimeneco madotolo ena anali atacitaya kale: m'1947 bwalo la ku Nuremberg linagamula mlandu wa madotolo a ku Germany amene anayesa akaidi mwankhanza pa nthawi ya nkhondo.

Caka comweco madotolo a maiko osiyanasiyana anakhazikitsa World Medical Association ku Paris, ndipo m'mwezi wa June 1964 bungwelo, litasonkhana ku Helsinki m'dziko la Finland, linabvomereza cikalata ca malamulo a kayesedwe ka mankhwala. Mutu wace unali wakuti munthu afotokozeredwe bwino zimene adzamcita, alole mwa kufuna kwace, ndiponso akhale ndi ufulu wa kuleka nthawi iri yonse. Cofunika koposa ndico cakuti bungwelo silinasiye cikalataco m'kabati. Ku Tokyo m'1975 linaonjeza kuti nchito iri yonse iyambe yaonedwa ndi komiti yoima payokha, pakuti dotolo wofunitsitsa kuona zotsatira sakhala woweruza wabwino wa mlandu wace. Ku Seoul m'2008 linalamula kuti nchito ilembedwe m'kaundula woonekera kwa onse asanalembe wodwala woyamba. Apa linatseka njira ya iwo amene amafalitsa zokoma zokha, nabisa mankhwala amene analephera. Ku Fortaleza m'2013 linanenetsa kuti wopwetekedwa pa nchitoyo alandire cithandizo ndi cipukutamisozi. Cikalataco cinakonzedwanso m'2024.

Ena amadandaula kuti makomiti ndi makalata zimacedwetsa nchito, ndipo pali coona m'dandaulo limeneli. Koma dotolo amene wabisa zolephera wacedwetsa anzace zaka zambiri, popeza iwo adzayesanso cinthu cimene cinakanika kale, ndi odwala ena, ndi ndalama zina.

Ciri comweco, bungwe la madotolo liribe apolisi kapena ndende. Ku Tuskegee, m'dziko la America, amuna akuda odwala cindoko analekeredwa opanda mankhwala oyenera kuyambira 1932 kufikira 1972, ndiko kunena zaka 8 cikalata ca Helsinki citalembedwa kale, ndipo amene anayendetsa nchitoyo anali madotolo a Boma. Mau a bungwe amakhala ndi mphamvu pokhapokha Boma litawalandira ndi kuwaika m'manja mwa makomiti okhoza kukaniza.

M'Malawi muno udindo umenewo uli ndi makomiti monga National Health Sciences Research Committee ya Unduna wa Zaumoyo. M'caka ca 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, mumzinda wa Blantyre, analowa m'nchito yoyesa katemera wa typhoid, makolo ao atafotokozeredwa ndi kulola. Katemerayo anapezeka kuti amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 ali onse, ndipo m'2023 Boma linayamba kumpereka kwa ana m'dziko lonse.