Musanasankhe sitima, funsani za amene adzakubweretsereni mbale

Mwezi watha, ndili mkati mowerengera mayeso, azakhali anga amene amagwira ntchito ku Durban ananditumizira uthenga pa WhatsApp. "Iwe, paja uli ndi intaneti yaulere kusukuluko. Tandifufuzire za sitima zapamadzi zoyenda ndi alendo zija. Agogo ako akukwanitsa zaka 70 chaka chino, ndikufuna ndikawasangalatse panyanja. Undiuze kampani yabwino." Ndinayamba ndaseka. Sitima imene ine ndinakwerapo ndi Ilala yokha, ulendo umodzi wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, ndipo kamba wanga paulendowo anali mbatata yophika ya m'chikwama. Koma azakhali sakanidwa, ndiye ndinakhala pansi masiku angapo n'kumawerenga.

Pafupifupi onse amene amayerekeza makampani amenewa amayang'ana zinthu zitatu: chakudya, chisamaliro cha ogwira ntchito, ndi mmene moyo wa m'sitimamo umakhalira, kaya ndi waphokoso kapena wabata. Nditawerenga ndinaona kuti zitatuzi sizilemera mofanana. Chakudya ndi moyo wa m'sitima mungazidziwe musanakwere, chifukwa kampani inazikonza dala n'kuziikira mtengo. Chisamaliro chimachokera kwa munthu amene wagona mokwanira kapena sanagone, amene malipiro ake akumukwanira kapena ayi. Ndikuona kuti pamenepa ndiye pofunika kuyang'anitsitsa, ndipo ndi pamene olemba ambiri amangolambalala.

Tiyambe ndi chakudya, chifukwa ndicho chimadzaza zithunzi zotsatsa malonda. Pa sitima zambiri, tikiti imaphatikiza chakudya cha m'chipinda chachikulu chodyera ndi cha ku bufeti, kumene munthu amadzitengera yekha mmene wafunira. Pa sitima za Royal Caribbean bufetiyo amaitcha Windjammer. Carnival, imene Ted Arison anaiyambitsa mu 1972 ku Miami, imadziwika ndi zakudya zosafuna mwambo, monga mabaga a ku Guy's Burger Joint amene salipiritsa padera. MSC, imene mizu yake ili ku Italy, imadalira kwambiri pizza ndi pasta. Koma mukafuna kudya kumalo apadera, a nyama yowotcha kapena sushi, nthawi zambiri mumapisanso m'thumba. Mowa ndi zakumwa zambiri nazonso n'zolipira padera. Viking imachita mosiyana: vinyo ndi mowa wa pa nkhomaliro ndi pa mgonero zili kale mu tikiti, koma tikitiyo ndi yokwera. Choncho munthu akamafunsa kuti chakudya chabwino chili kuti, funso lenileni ndi lakuti wapereka zingati, ndipo mwa zimene waperekazo mwaphatikizidwa chiyani.

Chinandigwira mtima, monga munthu amene tsiku ndi tsiku m'kalasi timakambirana za magulu a anthu, ndi chakuti pa sitima zina chipinda chimene mwalipira ndicho chimasankha kumene mukadye. Cunard, kampani imene inayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic mu 1840, imachitabe zimenezi mosabisa. Alendo ambiri amadyera ku Britannia, a zipinda zodula amadyera ku Princess Grill, ndipo a zodula kwambiri amadyera ku Queens Grill. MSC ili ndi gawo lake lotchedwa Yacht Club, lokhala ndi malo ake odyera, dziwe lake losambira ndi wantchito wosamalira alendo a mmenemo okha. Amene anakwerapo Ilala sangadabwe. Ena amagona m'zipinda, ena amakhala pamwamba pamphepo, ena pansi pamodzi ndi matumba a ufa, koma sitima ndi imodzi ndipo mafunde amagwedeza onse.

Pa nkhani ya chakudya pali nambala imodzi imene si yotsatsa malonda. Bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, limayendera mwadzidzidzi sitima zimene zimaima m'madoko a dzikolo. Limaona makhitchini, madzi akumwa ndi maiwe osambira, kenako limapereka malikisi pa 100. Sitima ikapeza 85 kapena kutsika apo ndiye kuti yalephera, ndipo zotsatirazo aliyense angaziwerenge pa intaneti. Kwa munthu amene akutenga gogo wa zaka 70, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa chithunzi cha keke. Vuto lake ndi lakuti imakhudza sitima zofika ku America zokha.

Za moyo wa m'sitima, kusiyana kwake n'kwakukulu koma n'kosavuta kumva. Icon of the Seas ya Royal Caribbean, imene inayamba kuyenda mu Januwale 2024 kuchokera ku Miami, ndi yaitali mamita pafupifupi 365 ndipo ikadzaza imanyamula alendo pafupifupi 7,600. Ili ndi malo otsetsereka m'madzi ndi munda wa zomera zenizeni pakati pake. Imeneyo ndi tauni yoyandama, yokomera banja la ana ambiri. Carnival imadzitcha yokha ya sitima zachisangalalo, ndipo nyimbo, magule ndi phokoso la padziwe ndizo katundu wake. Queen Mary 2 ya Cunard, imene inayamba ntchito mu 2004, imayenda masiku asanu ndi awiri pakati pa Southampton ndi New York osaima paliponse. Mmenemo muli nyumba yowerengeramo mabuku, tiyi wamadzulo woperekedwa ndi anthu ovala magolovesi oyera, ndi mausiku ena amene amuna amavala masuti ndipo akazi madiresi aatali. Norwegian inapita kwina: inachotsa nthawi yoikika yodyera ndi lamulo la zovala, kuti munthu adye nthawi imene wafuna. Sitima zapanyanja za Viking ndi zazing'ono, zambiri zimanyamula anthu 930, sizilola ana osakwana zaka 18 ndipo zilibe malo otchovera juga.

Pa zonsezi palibe yopambana inzake. Zimatengera amene mukuyenda naye. Agogo anga amagona 8 koloko ndipo amadzuka m'mbandakucha kupemphera. Kuwaika pafupi ndi dansi ya usiku wonse kungakhale kuwazunza ndi ndalama zathu zomwe. Koma mng'ono wanga wa zaka 15 mutamuika pa sitima ya tiyi ndi mabuku, tsiku lachiwiri angayambe kufunsa njira yobwerera.

Tsono tifike pa chisamaliro. Njira yachidule yoyezera ndi kugawa chiwerengero cha alendo ndi cha ogwira ntchito. Icon of the Seas ili ndi antchito pafupifupi 2,350, ndiye ikadzaza wantchito mmodzi amakhala ndi alendo oposa atatu. Pa Queen Mary 2 ndi pa sitima za Viking, wantchito mmodzi amakhala ndi alendo pafupifupi awiri. Kusiyanako kumaoneka kochepa papepala, koma kumamveka pamzere wa ku bufeti ndi pa nthawi imene mumadikira kuti wina akuthireni madzi. Disney inazindikira chinthu china: alendo ake amasintha malo odyera usiku uliwonse, koma operekera zakudya amasamuka nawo limodzi. Pofika tsiku lachitatu woperekerayo amakhala akudziwa kuti mwana uyu sadya nsomba, ndipo gogo uyu amafuna tiyi wopanda shuga. Zimenezi zikusonyeza kuti chimene timachitcha chisamaliro chabwino ndi munthu amene wapatsidwa mpata wokudziwani.

Ndinaimbira msuweni wanga amene anagwirapo ntchito yokonza zipinda pa sitima ina kwa miyezi isanu ndi itatu. Kampani yake sindiitchula. Anandiuza kuti miyezi yonseyo sanakhale ndi tsiku lathunthu lopuma. Ankadzuka kusanache, n'kukonza zipinda za alendo m'mawa, kupuma pang'ono masana, n'kubwereranso madzulo. Iye ankagona m'kachipinda kopanda zenera, pansi kwambiri, pamodzi ndi mnzake wa ku Indonesia. "Msuweni, kumwetulira kuja ndi yunifolomu," anatero. "Umavala m'mawa, umavula usiku." Sanali kudandaula. Ndalama za ulendowo zinamugulira malo ndi malata. Koma anafuna kuti ndidziwe kuti thaulo lopindidwa ngati njovu, limene alendo amalijambula n'kuika pa Facebook, limapindidwa ndi munthu amene ali ndi zipinda zina zambiri zomudikira.

Malamulo alipo. Pangano la mayiko lokhudza ogwira ntchito panyanja, Maritime Labour Convention la 2006, limene linayamba kugwira ntchito mu 2013, limanena kuti wantchito azipuma maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi maola osachepera 77 pa masiku asanu ndi awiri. Werengani nokha: sabata ili ndi maola 168, mukachotsa 77 mutsala ndi 91. Ndiye kuti munthu angagwire maola 91 pa sabata lamulo osaphwanyidwa. Chinanso, sitima zambiri sizilembetsedwa kumene kuli likulu la kampani. Zimanyamula mbendera za mayiko monga Bahamas, Panama, Malta ndi Bermuda, ndipo malamulo a dziko la mbenderalo ndiwo amalamulira ntchito ya m'sitimamo. Antchito ambiri amachokera ku Philippines, Indonesia ndi India. Mlendo wa ku America angakwere sitima ku Miami, koma amene akumuyalira bedi satetezedwa ndi malamulo a malipiro a ku America. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Apa ndi pamene pabwera nkhani ya ndalama yothokozera, imene ambiri timangoti tipu. Makampani ambiri amaiwonjezera okha pa bilu tsiku lililonse. Pa makampani akuluakulu a ku America imakhala madola apakati pa 15 ndi 20 pa munthu patsiku, ndipo imagawidwa kwa operekera zakudya, okonza zipinda ndi ena amene mlendo sawaona. Pa sitima zina mlendo angapite ku ofesi kukapempha kuti aichepetse kapena aichotse, ndipo pa intaneti pali anthu amene amaphunzitsana zimenezi ngati nzeru yopulumutsira ndalama.

Mnzanga wa m'chipinda, amene amaphunzira zachuma, anatsutsana nane usiku wonse pa mfundo imeneyi. Iye akuti tipu yokakamiza ndi chinyengo: kampani imatsatsa tikiti yotsika mtengo, kenako n'kusenzetsa mlendo gawo la malipiro a antchito ake. Akuti tikamalipira mwakachetechete tikuthandiza chinyengocho kupitirira. Theka la mfundo yake ndikugwirizana nalo. Malipiro a munthu sayenera kudalira chifundo cha mlendo, ndipo kampani imene imaika zonse mu tikiti n'kulipira antchito ake mokwanira ndiyo ikuchita zolungama. Koma pamene ndikusiyana naye ndi apa: mukachotsa tipuyo pa ofesi ya m'sitima, mwini kampani samva kanthu. Amene amamva ndi mayi wa ku Manila amene wakhala akukutsukirani bafa sabata yonse. Ngati mukufuna kulanga kampani, nthawi yake ndi pogula tikiti: funsani ngati tipu ili mu mtengo, funsani kumene imapita, ndipo mukapanda kukhutira gulani kwina. Mukakwera, mkanganowo musaumalizire pa munthu amene alibe mawu pa mtengo wa tikiti.

Ena anganene kuti ndikusokoneza tchuthi cha anthu ndi nkhani za m'kalasi. Mwina. Koma ife a kuno tikuidziwa ntchito imeneyi kuchokera mbali inayo. Ndi mabanja angati kwathu amene ali ndi wachibale ku Johannesburg kapena ku Cape Town woperekera zakudya, wosamalira dimba kapena wokonza m'nyumba za ena? Tikapeza mwayi wokhala mbali ya operekeredwa, sitingachite ngati sitikudziwa mmene mbaleyo imalemerera.

Azakhali ndinawayankha motere. Kwa munthu amene ali ku Durban, mpikisano wa makampaniwu ndi wa papepala chabe. MSC ndiyo imaika sitima ku Durban m'miyezi yotentha, ndipo imayenda maulendo aafupi a masiku ochepa kupita ku Mozambique, ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo ndi ku Pomene. Kutengera agogo ku Miami kapena ku Southampton kungafune ndege ndi viza, ndipo ndalama zake zingapose za sitimayo. Ndinawauza kuti asankhe chipinda chakutali ndi malo a dansi, awerengere pamodzi tikiti, zakumwa ndi tipu asanalipire kuti asadzadzidzimuke tsiku lotsika, ndipo tipuyo asaikhudze. Ndinawonjeza kuti akafika afunse dzina la wokonza chipinda chawo ndi kuliloweza.

Anandiyankha ndi mawu ojambula, akuseka. "Iwe, zomalizazo usandiphunzitse ine, ndipo agogo ako usawadere nkhawa. Suwadziwa? Sadya chakudya asanafunse kuti waphika ndani." N'zoona. Ngakhale pamaliro, agogo amadzuka n'kupita kuseri kumene kuli miphika kukathokoza amayi ophika. Ndikungoganiza mmene zidzakhalire akadzafunsa funso lomwelo pakati pa nyanja, n'kuumirira kuti awaperekeze kukhitchini.