Nyumba ya khonsolo yokhoma ni ndalama yathu imene iwola

Amai ndi atate a pa msika, inu mudziwa kuti tomato ikagona masiku atatu pa tebulo osagulidwa, ndalama yapita. Manje nchifukwa chiyani nyumba ya khonsolo ingakhale yokhoma chaka chathunthu, malata akudontha, udzu wafika pa windo, koma palibe amene afunsa?

Kufupi ndi kwathu kuli nyumba yotero. Amene anali kukhalamo anasamuka, akawalala anazula mapaipi ndi mawaya a malaiti, manje anyamata ndiye asutiramo chamba usiku. Pamene apo, amai ena amene agulitsa kapenta pafupi ndi tebulo ya amai anga alipira renti ya rumu imodzi mu komboni, ali ndi ana anai. Mvula ikagwa madzi alowa mpaka pansi pa bedi.

Tikumbutsane kumene tinachokera. Mu 1996, nthawi ya a Chiluba, nyumba zambiri za makhonsolo zinagulitsidwa kwa amene anali kukhalamo: ku Libala, Chilenje, Kabwata, Matero, mpaka ku Copperbelt. Mabanja ambiri anapeza pao, ndipo sitinena kuti alandidwe, iyai. Koma renti imene inali kulowa mwezi ndi mwezi inatha, khonsolo inatsala kudalira ma rates, ma licence ndi levy imene mulipira inu pa msika. Ndiye nyumba zochepa zimene zinatsala m'manja mwa khonsolo sizofunika kuseweretsa. Iliyonse imene ikhala yopanda munthu ni renti imene sinalowe, ndipo dzenje limenelo akabwera kudzalikwirira pa tebulo yanu.

Kukonza nyumba yakale nkotchipa kuposa kumanga yatsopano. Puloti ilipo, maziko alipo, zipupa zaimirira, msewu unafika kale. Chofunika ni malata, zitseko, mapaipi, penti ndi chimbudzi chabwino. Za chimbudzi sitiseka: tonse tikumbukira cholera ya mu January 2024, pamene odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium.

Adzakuuzani kuti kulibe ndalama. Mu 2022 CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo manje inapitirira K30 miliyoni. Mapulojekiti a CDF ayambira ku Ward Development Committee, kwa ife eni ake. Ngati ward yapempha kuti nyumba zokhoma zikonzedwe, atiuze poyera chimene chiletsa. Amisiri naonso sitikawafuna kutali. CDF yomweyo ilipirira achinyamata maphunziro a ntchito za manja, ndiye ma plamba, makalipentala ndi omanga tili nao mu komboni muno, ambiri angokhala.

Koma kukonza kamodzi chabe sikukwanira. Renti ya nyumba zimenezi ikhale ndi akaunti yake, isasakanizidwe ndi ndalama ya ma allowance ndi mafuta a galimoto za mabwana. Ku England lamulo la 1989 linatseka renti ya nyumba za khonsolo mu akaunti yakeyake, Housing Revenue Account, kuti izigwira ntchito ya nyumba basi. Inu simufunika kupita ku England kuti mumvetse zimenezi. Aliyense amene anadyapo capital adziwa kuti mawa lake kulibe kuoda. Renti ya nyumba yoyamba ikonze yachiwiri, monga chilimba.

Pamene pali nkhondo yeniyeni ni pa kugawa. Nyumba ikapakidwa penti, abale a mabwana ndi makada atulukira kumene sitidziwa. Mndandanda wa ofunsira umatidwe pa bolodi ku civic centre ndi pa misika, dzina ndi tsiku limene munthu analembetsa. Ndipo asatifunse payslip. Wogulitsa salaula alibe payslip, koma ali ndi malisiti a levy, umboni wakuti alipira khonsolo tsiku ndi tsiku. Malisiti amenewo alandiridwe, ndipo renti aloledwe kulipira pang'onopang'ono pa sabata, pa mobile money, mmene ndalama ya pa msika ibwerera.

Pa miting'i ya ward ikubwerayi, imirirani mufunse a khansala mafunso atatu: khonsolo ili ndi nyumba zingati, zopanda anthu ni zingati, ndipo zinakhomedwa liti. Yankho alembe pa pepala. Ngati kwanu kuli nyumba yotero, ijambuleni mutitumizire, mutchule ndi ward yake.