Roboti ikamayenda yokha, sikirini ilankhule zomveka

Mu 2012 kampani ya Amazon idagula kampani ina yopanga maroboti, Kiva Systems, pamtengo wa madola 775 miliyoni. Maroboti a Kiva ndi tingolo tafupifupi timene timalowa pansi pa shelefu, kuinyamula yonse ndi katundu wake, n'kukaipereka kwa munthu amene wangoima malo amodzi. Timayenda powerenga zizindikiro zomatidwa pansi. Pofika 2025 Amazon idalengeza kuti maroboti ake akwana 1 miliyoni.

Nkhani za makina amenewa zikamatuluka, tonse timathamangira funso limodzi: kodi alanda ntchito za anthu angati? Funsolo ndi lofunika, koma ine ndikufuna tilankhule za munthu amene ntchito sidamuthere, amene watsala m'nyumba yosungira katunduyo usiku wonse pamodzi ndi makinawo. Iyeyu ndi roboti amamvana kudzera pa kanthu kamodzi basi: sikirini, timagetsi ndi mabatani ochepa. Ndipo maganizo anga ndi akuti kanthu kameneka makampani amakaganizira kumapeto, zina zonse zitatha, pamene ndiko kayenera kukhala koyambirira.

Musaone ngati ndi za kutali kwambiri. Abale athu ambiri amene ali ku Britain ndi ku South Africa amagwira ntchito zonyamula ndi kulongedza katundu, ndipo m'maweyahausi otere ndi mmene makinawa akufika msanga.

Taganizirani munthuyo. Wavala magolovesi, phokoso lili ponseponse, waimirira maola asanu ndi atatu, mwina Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu. Ngolo yonyamula katundu wolemera kuposa iyeyo yaima pakati panjira. Akayang'ana pasikirini apeza nambala ya vuto ndi mawu achidule amene adalemba injiniya polembera injiniya mnzake. Chimene iye akufuna kudziwa ndi chosavuta: yaimiranji, kodi inyamuka yokha ndikadutsa kutsogolo kwake, nanga ndichite chiyani? Sikirini imene siyankha mafunso atatuwa m'masekondi ochepa yalephera ntchito, ngakhale ikongole bwanji.

Phunziro lake ndi lakale, lidabwera maroboti a m'maweyahausi asadabadwe. Mu March 1979, pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, valavu ina idakanirira yotseguka ndipo madzi oziziritsa makina adayamba kutayika. Kagetsi ka pagome la oyendetsa makinawo kadazima, iwo n'kumvetsa kuti valavu yatsekeka. Chonsecho kagetsiko kankangosonyeza kuti lamulo lotseka laperekedwa, osati kuti valavuyo yamvera. Padapita maola oposa awiri asadatulukire. Anthuwo sadali opusa ayi. Adakhulupirira zimene makina adawauza, monga adaphunzitsidwira.

Zomwezi zingachitike ndi ngolo yoyenda yokha. Mawu akuti "yaima" angatanthauze kuti yazimitsidwa, kapena kuti ikungodikira kuti njira iyere ndipo inyamuka mosachenjeza. Kwa wolemba pulogalamu kusiyana kwake ndi mzere umodzi. Kwa amene wagwada kuti atole katoni yogwa, ndi nkhani ya mwendo wake.

Sindikunena kuti palibe amene akuyesetsa. Roboti ya Proteus, imene Amazon idaonetsa mu 2022, idapangidwa kuti iziyenda pakati pa anthu popanda mpanda, ndipo imawalitsa kuwala kobiriwira pansi kutsogolo kwake. Munthu akalowa m'kuwalako imaima. Kampani yomweyi idapanganso chovala chimene wogwira ntchito amavala polowa kumalo a maroboti, choti makinawo amuzindikire ali patali. Izi ndimazikonda chifukwa sizifuna kuwerenga. Uthenga uli pansi pomwe munthu akuponda, osati m'kabuku ka malangizo kamene adakaona tsiku loyamba lokha. Komabe mtundu pawokha sukwanira. Pali amuna ambiri amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndiye chenjezo lililonse liyenera kubwera ndi chithunzi kapena kulira kwakekwake.

Vuto lalikulu, kunena mosabisa, si luso la ojambula masikirini. Ndi funso la amene sikiriniyo ikumutumikira. Amene amasaina cheke chogulira makina ndi bwana, ndipo bwana amafuna kuona manambala: makatoni angati pa ola, ndani akuchedwa. Mapeto ake sikirini ya wantchito imasanduka kapitawo. M'malo momuuza zimene roboti ikufuna kuchita, imamuwerengera masekondi.

Mu 2020 atolankhani ofufuza a Reveal ku America adasanthula zikalata za mkati mwa Amazon ndipo adapeza kuti, pakati pa 2016 ndi 2019, kuvulala kwakukulu kudali kochuluka ndi pafupifupi 50 peresenti m'maweyahausi okhala ndi maroboti poyerekeza ndi opanda maroboti. Amazon idatsutsa mmene ziwerengerozo zidamasuliridwira. Koma chimene lipotilo lidaloza sichinali maroboti kugunda anthu. Chidali liwiro. Shelefu ikamabwera yokha, munthu sapumanso poyenda. Amangotola, kuwerama, kutola, motsatira mlingo umene makina aika. Sikirini yosavuta kugwiritsa ntchito imene cholinga chake ndi kukuthamangitsa, ine sindingaitche yokomera wantchito.

Ena adzati: maroboti akamka nachenjera, munthu sadzafunikanso kuyang'ana sikirini, ndiye kuvutikiranji? Katswiri wa zamaganizo Lisanne Bainbridge adayankha kale mu 1983, m'nkhani yake yotchedwa Ironies of Automation. Mfundo yake idali yakuti makina amatenga ntchito zosavuta n'kumusiyira munthu zovuta zokhazokha, zija zimene wopanga adalephera kuziika m'makina, ndipo munthuyo amafika pamavutowo luso litazilala chifukwa nthawi zambiri amangoonerera. Ndiye kuti roboti ikamachita bwino kwa milungu, tsiku limene idzasokonezeke lidzamupeza munthu wosakonzeka. Pa tsiku limenelo sikirini ndiyo mphunzitsi yekhayo amene ali pafupi.

Ena amadandaula za ndalama, ati kuyesa sikirini ndi antchito enieni kumachedwetsa malonda. Apa mpomwe sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Kampani yokwanitsa kugula ngolo mazanamazana zoyenda zokha singalephere kulipira anthu khumi a shifiti ya usiku kuti ayese mabatani atavala magolovesi awo, m'phokoso lawo, ndi kunena pamene asokonezeka. Singalepherenso kumasulira machenjezo makumi awiri m'ziyankhulo za anthu amene idawalemba ntchito. Ngakhale ife kuno, potumiza ndalama pafoni, timadziwa kufunika kwa uthenga umene umakufunsa kuti utsimikize usadadine komaliza.

Ndikadakhala wa bungwe loimira antchito kumaiko amenewo, pokambirana za makina atsopano sindikadayambira pa malipiro okha. Ndikadapempha kuti wantchito aliyense akhale ndi mphamvu yoimitsa ngolo popanda kufunsidwa mlandu pambuyo pake, komanso kuti masekondi amene waimitsawo asawerengedwe ngati kuchedwa kwake. Batani lofiira limene munthu amaopa kulidina chifukwa sikirini imuchotsera mapointsi limangokongoletsa ngoloyo.