Wakhunyu Akagwera Pamoto, Musathawe

Miyezi ya Juni ndi Julaye ikafika, kuno ku Dedza moto suzima m'nyumba. Kuchokera ku Bembeke mpaka ku Chongoni aliyense amafuna kukhala pafupi ndi mafuwa. Nyengo yomweyi ndiyo imene ife a zaumoyo timaona zilonda zamoto zomvetsa chisoni pa anthu odwala khunyu.

Chaka china, ndikuyendera zimbudzi ndi zitsime m'mudzi wina kuseri kwa phiri la Dedza, ndinapeza mtsikana wa zaka 14 ali pakhonde, zala za dzanja lake lamanja zitamatirirana ndi chipsera. Anagwera pamoto akuphika ndiwo. Pabwalo panali akuluakulu anayi, koma onse anaima patali kudikira kuti atsitsimuke yekha, poopa kuti thovu la kukamwa kwake kapena mpweya umene angatulutse ziwapatsira nthendayo. Sanali anthu ankhanza ayi. Mmodzi mwa iwo anali mayi ake omubala. Anachita mantha, ndipo mantha amenewo alibe maziko. Kuti timvetse bwino, tiyeni tione mmene thupi limatumizira mauthenga.

M'thupi muli mitsempha ya mitundu iwiri. Ina imayendetsa magazi; ina, yoyera ngati ulusi, imayendetsa mauthenga. Yachiwiriyi imachokera ku ubongo, kutsika m'kati mwa mafupa a msana, ndi kumwazikira mpaka kunsonga za zala. Ubongowo sulemera ngakhale kilogalamu imodzi ndi theka, koma uli ndi timaselo pafupifupi 86 biliyoni totchedwa manyuroni. Kaselo kalikonse kali ndi nthambi zolandirira uthenga ndi kamchira kamodzi kotumizira uthenga kwa tinzake. Uthengawo umayenda ngati kamphamvu kochepa kwambiri ka magetsi, ndipo m'mitsempha ina umathamanga kutalika kwa bwalo la mpira pa sekondi imodzi. Ndicho chifukwa chake mukaponda minga mumadziwa nthawi yomweyo.

Mbali za ubongo zinagawana ntchito. Ya kumphumi imaganiza, imakonza zochita ndiponso imalamula manja ndi miyendo. Za pafupi ndi makutu zimamva mawu ndi kusunga zokumbukira. Ya kunkhongo ndiyo imaona. Maso amangoitumizira chithunzi. Pansi pake pali kaubongo kakang'ono kamene kamathandiza mayi kutsika phiri atasenza mtsuko osadzandira. Tsinde lolumikiza ubongo ndi msana limayang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima ngakhale tili m'tulo.

Masiku onse timaselo timeneti timalankhula mosinthana, ngati anthu pabwalo la milandu. Nthenda ya khunyu imagwetsa munthu pamene timaselo tambiri tatulutsa magetsi pakamodzi, ngati bwalo lonse layamba kufuula. Chipwirikiti chimenechi chikayambira pa mbali yolamula dzanja, dzanja lokhalo ndilo limanjenjemera. Chikayambira pafupi ndi makutu, munthu amamva fungo lachilendo kapena kanthu kokwera kuchokera m'mimba. Apa ndi pamene ena amaganizira kuti m'mimbamo muli kachilombo koyenda, chikhalirecho gwero lake lili m'mutu. Chikafalikira ubongo wonse, munthu amagwa, amauma, amaphupha, ndipo sadziwa kanthu. Moto ukamamuwotcha sangathe kudzichotsapo. Thovu lija ndi malovu chabe amene walephera kumeza, ndipo simungatenge khunyu powakhudza. Magetsi a mu ubongo si nkhani yongoganizira: dokotala wa ku Germany, Hans Berger, anayamba kuwayeza pa munthu mu 1924, ndipo makina oyezera otere akugwirabe ntchito mpaka lero.

Nanga chimasokoneza timaseloti n'chiyani? Kawirikawiri ndi chipsera cha pa ubongo: mwana kubadwa movutikira, kumenyeka mutu pa ngozi, matenda oumitsa khosi, kapena malungo olowa mu ubongo. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anatsatira ana 132 opulumuka malungo oterewa, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba khunyu. Kwa ena nthendayi imayenda kumtundu, ndipo kwa ena chifukwa chake sichipezeka.

Pali chifukwa china chotikhudza ife oweta nkhumba. Nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera, timene anzathu a ku Katete ndi ku Chipata amati masese, ikadyedwa yosapsa bwino imabala njoka yaitali m'matumbo a munthu. Munthuyo akamadzithandiza kutchire, mazira a njokayo amafika m'madzi, m'ndiwo ndi m'manja. Wowameza, ngakhale akhale wosadya nkhumba, timatuza tija tingathe kumera mu ubongo wake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'madera ambiri mmene njokayi yafala, odwala khunyu atatu mwa 10 alionse anayamba motere. Choncho choopa chenicheni ndi uve wa kutchire, osati mwana wogwa uja. Chimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo, khola la nkhumba ndi kuphika nyama mpaka ipse ndiwo mankhwala ake oyamba.

Ena adzati, "Tinapita naye kuchipatala, koma akugwabe." Ndikuwamvetsa. Mankhwala a khunyu sachiza pa sabata imodzi ngati a malungo. Ntchito yake ndi kukhazika pansi timaselo tija tsiku ndi tsiku, ndipo amamwedwa zaka. Nthawi zina dokotala ayenera kusintha muyeso kapena mtundu wake asanapeze woyenera. Komabe odwala okwana 7 mwa 10 alionse angathe kuleka kugwa akamamwa mosadumphitsa. Mankhwala a phenobarbitone akhala akuthandiza anthu kuyambira 1912, ndipo alipo enanso monga carbamazepine. Kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Mayi woyembekezera, kapena wofuna kutenga pakati, auze dokotala msanga, koma asaleke yekha kumwa. N'zoona kuti ulendo wa kuchipatala ndi wautali ndipo nthawi zina mankhwala amasowa. Imeneyo ndi nkhani yoti mafumu ndi makomiti a zaumoyo aikwezere mawu, osati chifukwa chotsekera mwana m'nyumba kapena kumuletsa sukulu. Zonena kuti wakhunyu akapsa ndi moto sachiranso ndi zabodza. Mankhwala amagwira ntchito chimodzimodzi.

Tsono munthu akagwa pamaso panu, chitani izi. Mukokeni msanga kumuchotsa pamoto, pamadzi kapena pamsewu. Ikani nsalu pansi pa mutu wake. Musamupanikize manja ndi miyendo. Musamulowetse supuni, mtengo kapena chala m'kamwa, pakuti lilime silimezeka. Akaleka kuphupha, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke, ndipo musamumwetse kanthu kufikira atatsitsimuka bwino. Akapitirira mphindi 5, kapena akagwa mobwereza asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala. Ngati wapsa, thirani madzi oyera ozizira pachilondapo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mafuta kapena phulusa. Mwana wakomoka thupi likutentha, musazengereze, angakhale malungo. Ndipo pakhomo pamene pali wakhunyu, asawothe moto, kuphika kapena kutunga madzi pachitsime ali yekha.

Mtsikana uja anayamba mankhwala ndipo kugwa kunachepa kwambiri, koma dzanja lija silidzagwiranso khasu. Pakanapezeka munthu mmodzi yekha womukoka, bwenzi lero akulima mbatata ngati anzake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukabwerera kumudzi, kawerengereni anzanu nkhaniyi madzulo ano powotha moto.