Kodi Mlonda Amlipira Ndani?

Pa tchuthi chapitachi ndinapita kwathu kufupi ndi Nsaru, ndipo ndinapeza chigayo chili zii. Amayi anandiuza kuti usiku wina anthu osadziwika anakwera pa thiransifoma, nakhetsa mafuta ake onse, natenganso waya wa kopa. Kwa masabata angapo ndinali kupalasa njinga ulendo wautali ndi thumba la chimanga kukagayitsa kwina. M'menemo ndipo ndinayamba kuganizira za mbava za mafuta, ndi za amene alipira kuti zigwidwe.

Anzanga ena ayesa kuti mafuta amenewa ndi achabe. Si choncho ayi. Ndiwo aziziritsa thiransifoma ndi kuletsa magetsi kudumpha m'kati mwake. Akachotsedwa, itentha kwambiri ndi kupsa. Tsono wakuba sakhala mmodzi. Pali wokwera, pali wonyamula, pali wogula kopa, ndiponso pali wogula mafutawo. Ndi gulu ndithu.

Kuti tione kumene kuba kotere kufikitsa dziko, tiyang'ane ku Nigeria, kumene kuli zitsime za mafuta. M'chigawo cha Niger Delta magulu a mbava aboola mipope ndi kupopera mafuta m'zombo zawo. M'mwezi wa Ogasiti 2022 dzikolo linalephera kutulutsa migolo 1 miliyoni pa tsiku, kotero kuti Angola inalipambana. Asilikali a pamtunda ndi a pamadzi anali kulondera kale, koma chaka chomwecho kampani ya mafuta ya Boma, NNPC, inalembanso kampani ya alonda yotchedwa Tantita. Ndalama zonsezi zikadatha kumanga sukulu ndi zipatala.

Kuno kwathu kulibe zitsime zotere, koma nthenda ndi yomweyo. Thiransifoma ikabedwa ku Kabudula kapena ku Nambuma, apolisi ayenera kuthira mafuta m'galimoto kukafufuza. Mlandu ukafika kubwalo, woweruza ndi makalaliki ataya masiku. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango cha oononga zipangizo za magetsi kufikira zaka 30 m'ndende. Koma wandende adya tsiku ndi tsiku, ndipo chakudya chake chichokera ku msonkho. A ESCOM nawonso ayenera kugula thiransifoma ina ndi ndalama zimene tonse tilipira pogula magetsi. Ngakhale magetsi a kumudzi a MAREP amabwera ndi ndalama yodulidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Motero mlimi wa fodya wa ku Mpingu, amene sanabe kanthu, alipira kawiri: poika thiransifoma, ndiponso posaka woiba.

Sindikunena kuti mbava zisalangidwe, kapena kuti apolisi aleke ntchito yawo. Ndikunena kuti Boma silingathe kuika wapolisi pansi pa thiransifoma iliyonse kuyambira ku Namitete kufikira ku Nambuma. Mlonda wotsika mtengo ndiye mwini mudzi. Galimoto yoima pa thiransifoma pakati pa usiku siibisika, ena aimva, ena aiona, koma akhala chete poti "nza Boma."

Anzanga, za Boma ndi zathu. Tikapita ku tchuthi tiwauze makolo ndi anyakwawa kuti asagule mafuta kapena waya wosadziwika kochokera, ndipo akaona zachilendo akanene msanga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wophunzira wa Fomu 3