Basketball isathere m'mizinda mokha

Nyengo ya mpikisano wa basketball wa m'makoleji ikafika, ife okonda masewerowa tulo timatiiwala. Amene adaonerapo mpirawu mu ABC Blue Gym ku Lilongwe akudziwa zomwe tikunena: ng'oma, nthungululu, kusiyana kwa chigoli chimodzi kutangotsala masekondi asanu, aliyense ataimirira mtima uli m'mwamba. Mpira wamiyendo mutha kuuonera mphindi 90 osaona chigoli, koma uwu mukangocheuka kuti mugule mtedza mupeza zinthu zatembenuka.

Tiyamike banki ya National yomwe mu 2017 idagwirizana ndi bungwe la Basketball Association of Malawi, Basmal, n'kuyambitsa mpikisano wa Mo626 wa sukulu za ukachenjede. Ophunzira amene kale ankangoponyerana mpira madzulo akaweruka adapeza chikho cholimbirana, anyamata ndi atsikana omwe.

Komatu pali chomwe chikutidandaulitsa. Kholo la ku Bembeke, Lobi, Linthipe kapena Mayani, lomwe lidagulitsa matumba a mbatatesi kuti mwana apite kukoleji, limangomva kuti mwanayo akusewera. Kuchoka pa Dedza boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80, ndipo ndi mitengo ya minibasi masiku ano, ndani angasiye dimba kukaonera mpira womwe sadauonepo chibadwire? Mapeto ake ambiri kumudzi kuno amauyesa masewero a ana a mabwana.

Si zoona zimenezo. Mpirawu udayamba mwaumphawi. Mu 1891 mphunzitsi wina, James Naismith, ku Springfield m'dziko la America, adasowa chowapatsa ophunzira ake m'nyengo yozizira kwambiri, ndiye adakhoma madengu awiri otolera zipatso m'mwamba n'kuwauza kuti aziponyamo mpira. Lero kumeneko mwezi wa Malichi dziko lonse limatekeseka ndi mpikisano wa makoleji wa matimu oposa 60. Ngati masewerowa adabadwa chifukwa cha kuzizira, kodi ku Malawi kuno aliko malo owayenera kuposa Dedza, komwe mu Juni ndi Julaye chisanu chimalowa mpaka m'mafupa?

Ndipo safuna malo aakulu. Bwalo lake ndi mamita 28 mulitali ndi 15 mulifupi, laling'ono kuposa madimba ambiri a kabichi omwe timawaona m'mbali mwa msewu wa M1. Pamalo pa bwalo limodzi la mpira wamiyendo mutha kukwana mabwalo a basketball oposa 10. Chofunika ndi simenti, mapolo awiri, mikombero iwiri ndi mpira, basi. Khonsolo ya Dedza, pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera, ingalephere zimenezi? Bomali lili ndi sukulu zodziwika monga Dedza Government, Umbwi ndi Mtendere, kudzanso koleji ya zankhalango ndi ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke. Achinyamata alipo ambirimbiri, ena ataliatali ngati milingoti, koma Loweruka masana mumawapeza atazinga mbaula ya tchipisi kapena ali m'mashabini.

Atsikana ndiye tisachite kunena. Dziko lomwe lidatulutsa Mwawi Kumwenda, amene adasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye mu 2015, silingasowe manja odziwa kuponya mpira mumkombero. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yaonetsa kale kuti kudzera m'masewerowa mwana wosauka atha kulipiriridwa sukulu.

Pempho lathu kwa a Basmal ndi othandiza mpikisanowu ndi lakuti masewero ena a m'zigawo azibwera nawo m'maboma. Anthu a ku Dedza adaonetsa momwe amakondera masewero pomwe Dedza Dynamos idalowa mu Super League mu 2022. Loweruka limodzi lokha, matimu anayi a makoleji atasewera pa boma, mawa lake ana apulaimale adzakhala akupinda waya n'kumukhoma pamtengo wa bulugama.

Koma nafenso ochemerera tili ndi mlandu wathu. Ophunzira ena amabwera kubwalo ataledzera n'kumaimba nyimbo zolaula, zoti munthu sungamve uli pamodzi ndi apongozi. M'tauni mwina anthu adazolowera, koma kuno mayi amene wabwera ndi ana ake akangomva kamodzi sadzabweranso, ndipo mwana wake wamkazi akadzapempha nsapato zosewerera adzamukaniza. Akuluakulu a makoleji awauziretu ophunzira awo basi isadanyamuke kuti mowa utsale, ndipo wotukwana atsitsidwe pa Nathenje.