Foni Yasanduka Namkungwi, Ife Akulu Tili Chete

M'masiku a Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, pamene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa m'chaka cha 1968 lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo, ndi pamene lamulo lina la 1973 lidaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi pagulu, makolo athu ankagona mtima uli m'malo, pokhulupirira kuti chonyansa chilichonse chofuna kulowa m'dziko muno chidayenera kutera pa Chileka kapena kudzera pachipata cha Mwanza, kumene munthu wa boma adali kuchidikira ndi sizasi m'manja. Sindikulira masiku amenewo, pakuti dzanja limene linkadula mafilimu ndi lomwenso linkatseka pakamwa pa alembi ndi kuponya ena m'ndende ya Mikuyu. Chimene ndifuna kunena n'chakuti mpanda umene tinkaudalira udagwa kalekale, koma ife akulu a mzinda uno wa Blantyre tikali kukhala ngati mpandawo ulipobe.

Amene akukayika apite kumsika wa Limbe ana ataweruka kusukulu, akaime pafupi ndi timagome ta anyamata obena nyimbo, pamene kompyuta yakale yakhala pakati pa machaja ndi mabatire a mafoni, ndipo sadzadikira nthawi yaitali asanaone mnyamata wa sekondale, chikwama cha mabuku chili kumsana, akutulutsa kamemori khadi m'bokosi la machesi, nawerama, nanong'oneza kuti, "Achimwene, mundiikireko zija za tsiku lija," wobenayo n'kulandira ndalama osakweza n'komwe maso. Ku Ndirande, ku Mbayani ndi ku Bangwe, zina mwa nyumba zoonetsera mavidiyo, zimene masana zimaonetsa mpira wa ku England ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, oyandikana nazo amazidziwa bwino lomwe kuti usiku ukakula zimasintha malonda. Komatu ngakhale zimenezi zayamba kuchepa mphamvu, popeza foni yotsika mtengo, bandulo ya usiku ndi gulu la pa WhatsApp zakwanira kubweretsa pansi pa bulangeti, m'nyumba ya mkulu wa mpingo ndi ya wogulitsa makala chimodzimodzi, zimene kale munthu akadayenera kuzifuna mobisa ndi mwamantha.

Pano ndiyenera kulankhula mosamala, pakuti si yense woona zolaula amene wagwa mu ukapolo, monganso si yense wolawa mowa amene ali chidakwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'buku lake la mayina a matenda lotchedwa ICD-11, limene lidavomerezedwa mu 2019 ndi kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, lidalembamo vuto la munthu amene walephera kulamulira zilakolako za thupi kwa nthawi yaitali, monga miyezi 6 kapena kuposerapo, kufikira kuti chinthucho chakhala pakati pa moyo wake, wanyalanyaza ntchito, banja ndi thanzi lake, wayesa kuleka kambirimbiri koma wabwererako, ndipo akupitirizabe ngakhale sakupezamonso chisangalalo. Bukulo likunenanso mosabisa kuti kudzitsutsa mumtima pakokha, kochokera ku chiphunzitso cha chikhalidwe, sikokwanira kuti munthu atchedwe wodwala. Akatswiri akali kutsutsana ngati vutoli lili pamzere umodzi ndi uchidakwa ndi njuga, kapena ndi la mtundu wakewake. Koma mkazi wa ku Chilomoni amene mwamuna wake amamufulatira usiku ndi usiku, nkhope itawala ndi kuunika kwa foni, sadikira kuti ophunzira agwirizane kuti adziwe kuti m'nyumba mwake mwalowa chilombo.

Kodi munthu wanzeru zake, wodziwa chabwino ndi choipa, amangika bwanji ndi kanthu kokwana m'dzanja lake? M'chaka cha 1954, pa yunivesite ya McGill mumzinda wa Montreal, James Olds ndi Peter Milner adalumikiza tizingwe ta magetsi ku mbali ina ya ubongo wa makoswe, nawapatsa kachitsulo koti akakadina amve kukoma, ndipo makoswewo adadina ndi kudinanso osafuna kuleka. Kafukufuku wa zaka zotsatira adaonetsa kuti m'ubongo muli njira imene imayenda ndi timadzi totchedwa dopamine, ndipo ntchito yake yaikulu ndiyo kudzutsa khumbo ndi chiyembekezo, koposa pamene chinthu chili chatsopano ndi pamene munthu sadziwa chimene chikudza. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya zolaula za pa intaneti, pakuti zilibe tsamba lomaliza, ndipo chithunzi chilichonse chimalonjeza kuti chotsatira chidzaposa. Ndi pomwenso pagona mphamvu ya kandege, njuga ya pa foni imene yameza malipiro a anthu ambiri ogwira ntchito m'maofesi a mu Victoria Avenue. Khumbo limakula pamene kukoma kukuchepa, kotero kuti zimene zidamukhutitsa munthu chaka chatha lero sizimugwedeza, nayamba kufuna zoopsa ndi zankhanza zimene poyamba akadazithawa. Akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndipo pali china chimene alaliki athu ambiri, ngakhale ali ndi mtima wabwino, sadachimvetse. Munthu wogwidwa motere kawirikawiri amathamangira kufoni pamene watopa, wasungulumwa, wasowa ntchito kapena wayambana ndi mkazi wake. Akatha, manyazi amamugwera, ndipo manyaziwo, popeza alibe womuuza, amasanduka katundu wina amene iye adziwa njira imodzi yokha yomuiwalira. Tsono ulaliki wa Lamulungu ukangomutcha wachigololo ndi kumuonetsa ng'anjo ya moto, osamusonyeza khomo loti akagogode Lolemba, amatuluka m'kachisi atalumbira ndi misozi, ndipo Lachitatu lisanathe wagwanso, nakhulupirira kuti iye ndiye wotayika mwa otayika onse. Sindikunena kuti tchimo lileke kutchedwa tchimo. Ndikunena kuti mbusa amene akalipira nkhosa yothyoka mwendo osaimanga balalo wachita theka la ntchito yake. Mubise matenda, maliro tidzamva: ndipo maliro a vuto ili ndiwo maukwati ozizira, mayeso a Fomu 4 olephereka, ndi anyamata amene afika paukwati asanaphunzire kuyang'ana mkazi monga munthu.

Koma mlandu waukulu uli pa ife makolo, ndipo ndi uwu. Anthu a kuno, Amang'anja, Ayao, Alomwe ndi Angoni, sadasiye mwana kuti adziphunzire yekha za thupi lake: kudali jando ndi nsondo, kudali anamkungwi ndi aphungu, kudali amalume ndi azakhali, ndipo pambuyo pake mipingo idaika chilangizo chake, monga achitira amayi a Mvano mu Sinodi ya Blantyre. Miyamboyo idali ndi zoipa zake, zina zoyenera kutheratu ndithu, koma idazindikira choonadi chimodzi, chakuti mwana akatha msinkhu adzafunsa, ndipo wina ayenera kumuyankha. Lero amalume ali ku Johannesburg, azakhali ali kumudzi ku Thyolo, bambo amachoka kusanache nabwera kutada, ndipo mwana akafunsa timamuyankha kuti, "Zamwano zimenezo, usadzazinenenso m'nyumba muno." Iye amakhala chete, inde, koma funso lake silifa, amalitengera kufoni, imene simukalipira, simuchititsa manyazi, ndiponso simuuza kuti zimene akuonazo ndi sewero lamalonda, kuti ambiri mwa ojambulidwawo adakankhidwa ndi umphawi kapena chinyengo, ndi kuti zithunzi za atsikana a kuno kwathu zimene zimayenda m'magulu a WhatsApp zidatumizidwa ndi zibwenzi zopanda chikumbumtima, eni ake akulira m'nyumba osatha kutuluka.

Ena akuti boma litseke zonse, MACRA iike loko pa intaneti. Lamulo lili ndi malo ake, ndipo lamulo la 2016 loona za milandu ya pa makina a intaneti, limene limalanga wopanga, wosunga ndi wofalitsa zolaula za ana, liyenera kugwira ntchito popanda kuyang'ana nkhope. Apolisi a ku Limbe ndi Khonsolo ya Mzinda asachite ngati sadziwa amene amagulitsa zonyansa kwa ana a sukulu. Koma loko wa boma mwana wa masiku ano amamutsegula asanamalize kumwa tiyi, ndipo palibe lamulo limene lidachiritsapo mtima wosungulumwa.

Chifukwa chake ndikupempha zinthu zotheka. Makolo asagulire mwana foni asanakhale naye pansi, ndipo foniyo igone pabalaza, ya bambo yomwe. Alangizi a mipingo ndi a misikiti, pamodzi ndi ankhoswe, aphunzire kumva nkhani iyi osatukula nsidze ndi osaitengera kubwalo, pakuti chinsinsi chimodzi chikaululika anthu zana adzabwerera m'mdima. Aphunzitsi a phunziro la luso la moyo aitchule nkhaniyi ndi dzina lake. A zaumoyo ku Gulupu, ku chipatala cha Zomba Mental ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, kumene kuli odziwa kuthandiza omangidwa ndi zizolowezi, alengeze poyera kuti khomo lawo ndi lotsegukira wovutika ndi zolaula monga lilili kwa wovutika ndi mowa ndi chamba, ndipo sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ifufuze kukula kwa vutoli m'dziko muno, kuti tilankhule ndi umboni wathuwathu.

Ndipo kwa iwe mbale wanga amene ukuwerenga mawu awa mtima ukugunda, dziwa kuti sindiwe woyamba, ndiponso kuti ubongo umene udaphunzira chizolowezi ungathe kuphunzira china, ngakhale kuti udzapunthwa panjira. Zindikira nthawi ndi malo zimene umagwera, chotsa foni pamtsamiro, tuluka m'magulu aja, ndipo koposa zonse sankha munthu mmodzi wokhulupirika, umuuze zonse sabata ino. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsono ife amene tikutchedwa akulu tikhale okonzeka kuti iwe ukabwera tikulandire, tikumvere kufikira utamaliza, ndipo tiyende nawe.